Ralph Carr, Bwanamkubwa Amene Adakana Kutseka Chipata

M'chaka cha 1942, Lachitatu la Phulusa lidagwa pa 18 Febuluwale. M'mawa mwake, pa 19, mtsogoleri wa dziko la America, a Franklin Roosevelt, adasaina lamulo la nambala 9066. Lidali lamulo lalifupi, ndipo silidatchule mtundu wa anthu ngakhale umodzi. Lidangopatsa akuluakulu a asilikali mphamvu yodula malire a madera ena ndi kuchotsamo aliyense amene iwo aona kuti achoke. Komabe padalibe wosadziwa amene ankanenedwa. Lenti ya chaka chimenecho isanathe, Lolemba la m'Sabata Yoyera, pa 30 Malichi, mabanja a pa chilumba cha Bainbridge, pafupi ndi Seattle, adatsetserekera kudoko atanyamula masutikesi, asilikali a mfuti ali mbali iyi ndi iyo, aliyense atamangiriridwa kapepala ka nambala pa malaya ngati katundu wa pa sitima. Chaka chisanathe, anthu oposa 110,000 a mtundu wa Chijapani adali atachotsedwa m'nyumba zawo m'mbali mwa nyanja ya Pacific n'kutsekeredwa m'misasa ya waya waminga.

Abale ndi alongo, ana ndi zidzukulu za anthu amenewo amakumbukira tsiku la 19 Febuluwale chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri tsikuli limagwa mkati mwa Lenti kapena pakhomo pake penipeni. Nkhani yawo ndi yaikulu, sitingaimalize pano. Ife tasankha kutsata moyo wa munthu mmodzi amene sadali Mjapani, sadagonepo m'msasa ngakhale usiku umodzi, ndipo sadathe kuletsa kusamutsidwa kwa banja ngakhale limodzi. Ndi a Ralph Carr, bwanamkubwa wa chigawo cha Colorado m'masiku amenewo. Chimene adachita chikhoza kuoneka chaching'ono: anzawo atatseka zipata, iwo adasiya chawo chotsekula, ndipo adakana kusintha mawu ngakhale pamene kudaoneka poyera kuti mawuwo awagwetsa.

A Ralph Lawrence Carr adabadwa pa 11 Disembala 1887 ku Rosita, kamudzi ka migodi ya siliva m'mapiri a Colorado, kamene pambuyo pake kadasanduka bwinja. Bambo wawo adali wa m'migodi, ndipo banja linkasamuka kutsata kumene kwamveka miyala ya mtengo wapatali, mpaka lidakakhazikika ku Cripple Creek, kumene kudali golide. Kumeneko ndiko mnyamatayu adamalizira sukulu ya sekondale m'chaka cha 1905.

Zaka ziwiri za m'mbuyo mwake zidali zoopsa m'tauni imeneyo. Mu 1903 anthu a m'migodi adanyanyala ntchito, bwanamkubwa wa nthawiyo adatumiza asilikali, ndipo magazi adakhetsedwa mbali zonse. Mu Juni 1904 asilikali adasonkhanitsa amuna a m'bungwe la ogwira ntchito, kuwakweza sitima popanda mlandu kuzengedwa m'khoti, n'kukawataya kumalire a Kansas ndi New Mexico, atawachenjeza kuti asadzapondenso m'tauniyo. A Carr adali ndi zaka 16. Pamsinkhu umenewo munthu amaona bwino, ndipo saiwala msanga. Tikamawerenga za sitima zina zija za mu 1942, n'kovuta kuti tisakumbukire kuti bwanamkubwa ameneyu adakulira m'tauni imene anansi adachotsedwapo kale pa sitima chifukwa cha gulu limene ankawerengedwamo.

Adaphunzira pa yunivesite ya Colorado, nalandira digiri ya zamalamulo mu 1912. Adagwirako ntchito ya utolankhani, kenako adakakhazikika ngati loya ku Antonito, katauni ka kummwera kwenikweni, pafupi ndi malire a New Mexico, kumene anthu ambiri ankalankhula Chisipanishi. Adaphunzira chilankhulocho mpaka kumachilankhula bwino, chinthu chimene azungu ambiri a msinkhu wawo sankachiona chofunika. M'chigwa chomwecho cha San Luis mudafikanso mabanja a alimi a Chijapani m'zaka za m'ma 1920, olima ndiwo zamasamba. Kwa a Carr, choncho, Mjapani sadali chithunzi cha m'nyuzipepala. Adali munthu wa pamunda wapafupi.

Luso lawo lalikulu lidali pa milandu ya madzi, ndipo pano tiimepo pang'ono. Ku Colorado mvula ndi yochepa, ndipo munda wopanda ngalande ndi chipululu chabe. Lamulo la kumeneko limati amene adayamba kupatutsa madzi a mtsinje ndi kuwagwiritsa ntchito ndiye woyamba kuthirira, ngakhale munda wake ukhale kumunsi kwenikweni. M'chaka cha madzi ambiri lamuloli silikumbukiridwa n'komwe. Limayamba kuluma m'chaka cha chilala, pamene mlimi wa kumtunda ayenera kuyang'ana madzi akudutsa pambali pa mbewu zake zofota kupita kwa wa kumunsi, amene mwina sagwirizana naye. A Carr adathera zaka zambiri pa milandu yotere, ndipo adali mlangizi wa Colorado pa pangano la 1938 logawana madzi a mtsinje wa Rio Grande ndi zigawo za New Mexico ndi Texas. Ife tikuona kuti apa ndi pamene pali chinsinsi cha munthuyu. Adazolowera kuganiza kuti ufulu wolembedwa papepala udalembedwera chaka cha chilala. Nkhondo itabwera, sadaone chifukwa choganizira mosiyana za malamulo aakulu a dziko.

Kuyambira 1929 mpaka 1933 adali loya wamkulu wa boma la America m'chigawo cha Colorado. Akazi awo, a Gretchen, adamwalira mu 1937, kuwasiyira ana awiri amene banjali lidawatenga n'kuwalera ngati obereka okha. Chaka chotsatira chipani cha Republican chidawapempha kuti aime pa chisankho cha bwanamkubwa, ndipo adapambana. Adapeza thumba la boma lili ndi ngongole, nalikonza mosanyengerera, ngakhale kuti pochita zimenezo adakhumudwitsa ena, makamaka pamene adapatutsa ndalama za msonkho zimene zinkapita kusukulu. Mu 1940 adasankhidwanso ndi mavoti ambiri, ndipo dzina lawo lidayamba kumveka m'dziko lonse ngati la munthu amene tsiku lina angakwere pamwamba kwambiri. Sadali munthu wa zionetsero za m'misewu. Adali loya wosamala ndalama, wotsutsa boma la a Roosevelt chifukwa chodziunjikira mphamvu zambiri ku Washington.

Kenako padafika 7 Disembala 1941, pamene ndege za Japan zidaphulitsa zombo za America ku Pearl Harbor ndi kupha anthu oposa 2,400. Tisapeputse mantha a masiku amenewo. Asilikali a Japan ankalanda dziko ndi dziko mwaliwiro lodabwitsa: Hong Kong, Malaya, Singapore, Philippines. Ena mwa ife tidakula tikumva kwa makolo athu amene adakamenya nkhondo ku Burma pansi pa King's African Rifles mmene mdani ameneyo adaliri woopsa. Mantha adali ndi maziko. Cholakwika chidali kumene manthawo adakagwera.

Adakagwera pa alimi a zipatso, asodzi, eni timagolosale ndi ana asukulu. Awiri mwa atatu alionse adali nzika za America, zobadwira komweko, zambiri zosadziwa n'komwe dziko la Japan. Makolo awo, amene adabwera kale pa sitima zapamadzi, sadali nzika, koma osati mwa kufuna kwawo: lamulo linkaletsa munthu wobadwira ku Japan kutenga unzika, ngakhale akhale m'dzikomo zaka makumi anayi, ndipo lidakhala choncho mpaka 1952. Ku California, kuyambira 1913, sankaloledwanso kugula malo. Ife amene tikulera ana obadwira kuno, olankhula ngati eni dziko pamene ife lilime likadali lakwathu, sitifunika kufotokozeredwa zambiri za banja lotere. Lamulo silidasiye nkhalamba, odwala kapena makanda. Ngakhale ana amasiye adatengedwa, kuphatikizapo a m'nyumba imene masisitere a Maryknoll ankayang'anira ku Los Angeles, n'kupita nawo kumsasa wa Manzanar. Chikhalirecho ku Hawaii, kumene mabomba adagwa ndipo kumene anthu a mtundu wa Chijapani adali oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse, sikudachitike kusamutsa kwa chigulu, chifukwa popanda iwo ntchito zikadaima. Nkhondo yonse idatha popanda ndi mmodzi yemwe wa anthu otsekeredwawa kupezeka wolakwa pa mlandu wochitira ukazitape dziko la Japan.

Poyamba boma lidauza anthuwa kuti asamuke okha, apite m'zigawo za mkati mwa dziko. Mabanja ena adagulitsa katundu pa mtengo wolira, kukweza zotsala pa galimoto, n'kuloza kummawa. Koma kupita kuti? M'malire ena adabwezedwa, m'matauni ena adamanidwa mafuta ndi malo ogona. Abwanamkubwa a zigawo za kumeneko ankalankhula mokuwa kuti dera lawo si dzala lotayirako zimene California yakana.

Kumapeto kwa Febuluwale a Carr adalankhula pa wailesi. Adati ngati boma laona kuti anthu ena achoke kugombe, Colorado ili ndi malo ndipo iwalandira. Adakumbutsa anthu awo kuti nzika yobadwa kwa makolo a Chijapani ili ndi ufulu wofanana ndi wa nzika ina iliyonse, ndipo kuti munthu amaweruzidwa pa zimene wachita, osati pa dziko limene agogo ake adabadwira. Makalata aukali adasefukira mu ofesi yawo. Nyuzipepala zina zidawanyoza, ena adafuna kuti achotsedwe pampando, ndipo anzawo a m'chipani adawalangiza kuti angokhala chete, popeza chisankho chidali pafupi.

Sadakhale chete. Adapita ku La Junta, m'chigwa cha mtsinje wa Arkansas, kumene alimi adali atakwiya pomva kuti Ajapani akubwera, ndipo kudamveka mphekesera za chiwawa. Adaima pamaso pa khamulo n'kuliuza kuti wofuna kuvulaza anthu amenewa ayambe wavulaza iwo. Adafotokoza kuti adakulira m'matauni ang'onoang'ono momwe adaonera manyazi a chidani cha mitundu, ndipo kuti adachinyansidwa nacho chifukwa chimaika pachiswe mtendere wa aliyense, ngakhale wa iwo amene adali m'khamumo. Mfundo yawo, imene adaibwereza m'malo ambiri chaka chimenecho, idali yakuti ngati ambiri angalande ufulu wa ochepa lero popanda umboni ndi popanda mlandu, palibe chidzaletse kuti mawa ena ambiri adzalande wa iwo amene akuombera m'manja lero. Kwathu timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tizindikire kuti sadapemphe khamulo kuti likonde Ajapani. Adalankhula ngati loya wa madzi uja: ufulu ndi wa mwini wake, kaya mumamukonda kaya ayi.

Nthawi yosamuka mwaufulu idatsekedwa pa 29 Malichi, Lamulungu la Kanjedza. Mwa anthu zikwi zochepa amene adakwanitsa kuchoka nthawi isanathe, pafupifupi 2,000 adafika ku Colorado.

Pa 7 Epulo, patangopita masiku awiri chichitikire Pasaka, kudachitika msonkhano ku Salt Lake City umene udadula tsogolo la otsalawo. A Milton Eisenhower, mng'ono wake wa kazembe wankhondo Dwight Eisenhower, ndiwo adapatsidwa ntchito yoyang'anira anthu osamutsidwa. Iwo adabwera ndi maganizo akuti mabanja amwazikane m'madera a ulimi, azigwira ntchito ndi kukhala ngati anthu ena onse. Abwanamkubwa ndi nthumwi zawo adakana mwaukali. Wa ku Wyoming, a Nels Smith, adachita kuopseza kuti anthuwo akabwera m'chigawo chawo adzapachikidwa m'mitengo. Ambiri adati sangawalandire pokhapokha atatsekeredwa ndi kulonderedwa ndi asilikali. A Carr okha ndiwo adalankhula modekha ndi kuvomera kuthandiza. Liwu limodzi silidakwane. A Eisenhower adabwerera atataya mtima, maganizo awo aja adafera pomwepo, ndipo patangotha miyezi iwiri ndi theka adasiya ntchitoyo. M'malo mwa midzi yaufulu mudamangidwa misasa khumi, m'zipululu ndi m'madambo, kuyambira ku California mpaka ku Arkansas. Akuluakulu amati mkulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa msonkhano umenewo ambiri mwa akulu adali udzu wouma.

Tsopano tinene zimene okonda kutamanda amazilumpha. A Carr sadatsutse lamulo la 9066 m'khoti, ndipo sadanene kuti boma lilibe mphamvu yosamutsa anthu pa nthawi ya nkhondo. Ankakhulupirira kuti bwanamkubwa ayenera kumvera mtsogoleri wa dziko pa nkhani za nkhondo, ndipo ankasiyanitsa kwambiri nzika ndi osakhala nzika, ngakhale kuti makolo aja adali osakhala nzika chifukwa lamulo lidawatsekera khomo. Chimene ankakana ndi kutsekera nzika popanda mlandu, ndi kulola chiwawa kapena kuthamangitsa anthu pa malire. Ndipo umodzi mwa misasa khumi ija udamangidwa m'chigawo chawo chomwe.

Msasawo udali pafupi ndi katauni ka Granada, kummwera chakummawa kwa Colorado, ndipo umadziwika ndi dzina lakuti Amache. Udatsekulidwa kumapeto kwa Ogasiti 1942. Anthu ake adachokera ku California. Ena adali atayamba atsekeredwa pa bwalo la mpikisano wa akavalo la Santa Anita, kumene mabanja ambiri adagonekedwa m'makola a akavalo opakidwa laimu, fungo la ndowe likadalipo. Ku Amache banja lililonse lidapatsidwa chipinda chimodzi m'nyumba zazitali zonga za asilikali, chokhala ndi mbaula ya malasha, babu limodzi la magetsi ndi timabedi. Kudya kudali kwa pamzere m'holo, zimbudzi ndi mabafa zidali za onse. Mphepo ya m'chipululu inkalowetsa mchenga m'ming'alu, ndipo m'nyengo yozizira anthu ozolowera dzuwa la California adakumana ndi chisanu choopsa. Wogwira ntchito mumsasa ankalandira madola 12, 16 kapena 19 pa mwezi, ngakhale akhale dokotala. Pa nthawi imene udadzaza kwambiri mudali anthu oposa 7,000, kotero kuti msasawo udali pa nambala khumi mwa mizinda ikuluikulu ya Colorado.

Mayi wa mu Amache, woyang'ana nsanja ya mlonda pawindo, akadatha kufunsa kuti kukoma mtima kwa bwanamkubwa kwamupindulira chiyani. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sitiyenera kulithawa. Yankho limene tili nalo ndi losakwanira, koma ndi loona. Aja 2,000 amene adalowa m'Colorado chipata chikadali chotsekula sadatsekeredwe. Boma litayamba kulola ena kutuluka m'misasa kukagwira ntchito kapena kukaphunzira, ambiri adalowera ku Denver chifukwa mbiri idali itamveka kuti kumeneko mkulu wa chigawo sawasaka. Mzinda umene nkhondo isanayambe udali ndi Ajapani mazana ochepa udadzakhala ndi zikwi. Ndipo pali china chimene sichiwerengeka: pa nthawi imene pafupifupi mkulu aliyense wa boma ankawatcha adani, padali mmodzi amene ankanena poyera kuti iwo ndi nzika. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yokolola itafika, anyamata ambiri ali kunkhondo, alimi a m'zigawo zomwe zija zidakana Ajapani adayamba kupempha boma kuti liwatumizire anthu a m'misasa adzawakololere mbewu ya beet imene amapangira shuga.

Mu Novembala 1942 a Carr adaima pa chisankho cha useneta. Mpando wotere ukadatha kukhala wawo kale popanda thukuta. Seneta Alva Adams atamwalira mu Disembala 1941, bwanamkubwa ndiye adali ndi mphamvu yosankha wolowa m'malo, ndipo njira idalipo yakuti atule pansi udindo kuti wachiwiri wawo awasankhe iwo. Sadatero, adasankha a Eugene Millikin, iwo n'kudikira kukapempha mavoti kwa anthu.

Wopikisana naye adali a Edwin Johnson a chipani cha Democratic, seneta wokhalapo kale, munthu wodziwa kuwerenga mtima wa khamu. Mu 1936, ali bwanamkubwa, a Johnson adatumizapo asilikali kumalire a kummwera kuti akabweze osauka ndi anthu a ku Mexico ofuna ganyu m'minda. Tsopano adapeza chida chatsopano. Pa kampeni adajambula a Carr ngati bwenzi la adani, munthu amene adatsekulira chigawo anthu amene ena onse adawakana. A Carr akadatha kufewetsa mawu, kunena kuti sadamveke bwino, kapena kukankhira zonse ku Washington, ndipo ambiri akadawakhululukira. M'malo mwake adapitiriza kufotokoza mfundo yomwe ija m'misonkhano, pamaso pa anthu amene ana awo adali kunkhondo ya ku Pacific.

Adagonja ndi mavoti osakwana 4,000 pa mavoti oposa 340,000. Kunena zoona, padalinso zifukwa zina: mabungwe a ogwira ntchito sankawakonda, ndipo nkhani ya ndalama za sukulu idali isanaiwalike. Koma chaka chimenecho chidali chokomera chipani chawo. Wachiwiri wawo, a John Vivian, adapambana ubwanamkubwa, a Millikin adasunga mpando uja, ndipo munthu amene zaka ziwiri m'mbuyomo adali wokondedwa kuposa onse ndiye adatsala panja. Pa kusiyana kochepa chotere, sipafunika kuwerengera kwambiri kuti tione chimene chidawagwetsa. Mwezi womwewo, ku California, a Earl Warren, amene monga loya wamkulu wa chigawocho adalimbikira kwambiri kuti Ajapani achotsedwe, adasankhidwa kukhala bwanamkubwa. Pambuyo pake adadzakhala mkulu wa khoti lalikulu la dziko lonse, nachita zazikulu pothetsa tsankho m'sukulu, ndipo chisoni chawo pa zimene adachita mu 1942 chidadzaoneka m'buku la moyo wawo limene lidatuluka iwo atamwalira kale.

Mu Januwale 1943 a Carr adatuluka mu ofesi n'kubwerera ku ntchito ya uloya. M'nyumba mwawo adalembamo ntchito mtsikana wochokera ku Amache, pa nthawi imene kuchita zimenezo kunkaitana miseche. Nkhondo idapitirira. Anyamata a m'misasa adalowa usilikali, ambiri m'gulu la 442, limene lidamenya nkhondo ku Italy ndi ku France ndipo lidalandira mamendulo ochuluka kuposa gulu lina lililonse la kukula kwake. A ku Amache okha adafako 31. Makalata odziwitsa za imfa zawo ankafikira makolo amene adali akadali mkati mwa waya waminga.

Mu Novembala 1944 anthu a Colorado adafunsidwa pa voti ngati akufuna lamulo loletsa Ajapani osakhala nzika kugula malo, longa la ku California. Adalikana, ngakhale mwa kusiyana kochepa. Patangopita mwezi, pa 18 Disembala, khoti lalikulu lidagamula mlandu wa a Fred Korematsu, mnyamata wa ku California amene adakana kusamuka: oweruza asanu ndi mmodzi adati boma silidalakwe, atatu adatsutsa. Tsiku lomwelo, pa mlandu wa a Mitsuye Endo, khotilo lidati boma silingapitirize kusunga nzika imene lokha likuvomereza kuti ndi yokhulupirika. Misasa idayamba kutsekedwa. Amache idatsekedwa mu Okutobala 1945, ndipo womaliza, wa Tule Lake, mu Malichi 1946. Wotuluka ankapatsidwa madola 25 ndi tikiti ya sitima. Ambiri adakapeza minda ili m'manja mwa ena, katundu amene adasungitsa atabedwa, ndipo nkhalamba zina zidayambiranso moyo pa ganyu.

A Carr adatumikirako m'bungwe loyang'anira yunivesite yawo yakale, ndipo mu 1948 adakwatiranso. Mu 1950 chipani chidawapemphanso kuti aime pa ubwanamkubwa. Adavomera, napambana chisankho cha chipulula mu Sepitembala, koma thupi lidali litatopa ndi matenda a shuga. Adamwalira ku Denver pa 22 Sepitembala 1950, ali ndi zaka 62, kutatsala milungu yochepa kuti anthu akaponye voti. Amene adalowa m'malo mwawo, a Dan Thornton, adapambana. A Carr adaikidwa m'manda a Fairmount mumzinda womwewo. Pa tsiku la maliro awo, chigamulo cha mlandu wa a Korematsu chidali chikadali chilili, makolo a Chijapani adali asanaloledwebe kutenga unzika, ndipo boma lidali lisanapepese pa zimene zidachitikazo.

Boma lidachedwa. Pa 19 Febuluwale 1976 mtsogoleri wa dziko, a Gerald Ford, adafafaniza lamulo la 9066. Mu 1983 komiti yofufuza imene nyumba ya malamulo idakhazikitsa idatulutsa lipoti lonena kuti kusamutsako sikudachitike chifukwa cha zofunika pa nkhondo, koma chifukwa cha tsankho, mantha osokoneza mutu, ndi kulephera kwa atsogoleri. Pa 10 Ogasiti 1988 a Ronald Reagan adasaina lamulo lopepesa ndi lopereka madola 20,000 kwa aliyense wotsekeredwa amene adali akadali moyo. Adalandira ndi anthu oposa 80,000, koma ambiri mwa makolo aja, amene adataya zambiri kuposa onse, adali atagona kale. Ku Colorado nako dzina la a Carr lidakumbukiridwa pang'onopang'ono. Mu 1999 nyuzipepala ya Denver Post idawatcha munthu wopambana wa chigawocho m'zaka zana zimenezo. Gawo la msewu wa US 285, umene umachoka ku Denver kulowera kummwera mpaka kukadutsa pa Antonito, lidapatsidwa dzina lawo, chimodzimodzinso nyumba yatsopano ya khoti lalikulu la Colorado.

Koma zonsezi zisanachitike, amene adayamba kusonkha ndalama adali anthu aja adafika pa magalimoto odzaza katundu mu 1942, pamodzi ndi amene adatuluka m'misasa n'kukhazikika ku Denver. Mu 1976, patapita zaka 26 chimwalirire a Carr, adaimika chifanizo cha nkhope yawo pa bwalo la Sakura Square, pakati pa mzinda, pafupi ndi kachisi wa Chibuda, m'dera lomwe lija adapezamo zipinda zoyamba za lendi pamene kwina konse kudali kotseka.